Khoma Limene Panali Mwana Wanga

Amuna anga anali a ku Kongo. Anafika ku Sinda chaka chimene kwawo kunabuka nkhondo, ali pamwamba pa lole, m'manja muli kathumba ka maburashi basi. Ankajambula njinga ndi mabotolo pamakoma a masitolo a amwenye, anthu mpaka kumaima pamsewu kukamwa kuli yasa. Ndinawakonda, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini kwathu.

Koma khasu, mayo ine! Ankaligwira ngati likuwotcha. Atsibweni anga, alongo awo a mayi, akandipeza kumunda ankafuula kuti, "Iwe, amuna ako aja lero akulimanso ndi nthenga ya nkhuku?" Anthu n'kumafa nako kuseka. Ine manyaziwo ndinkakawatula pa iwo kunyumba. Pakamwa panga panali polusa, sindikana.

Mwana wathu wamkazi anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda. Chithunzi analibe, pakuti wa kamera anali ku Katete ndipo tinkangoti tidzapita tikakolola. Patapita masabata awiri, amuna anga anandipempha nsalu yoyera imene ndinkasunga kuti ndidzasoketse bulauzi ya kutchalitchi.

"Ndipatse ndiikepo mwana wathu ndisanamuiwale," anatero m'Chinyanja chawo chopotoka chija.

"Nsalu yanga muidetse ndi matope anuwo? Khoma silo, jambulani pamenepo!"

Anatembenukira kukhomako. "Chabwino," anatero. "Nsalu imang'ambika. Khoma limakhala."

Ndinkadziwa kuti kwathu mwini nyumba akamwalira, nyumbayo amaigwetsa maliro akatha, kuopa kuti mzimu ungamabwerere. Iwo sankadziwa zimenezi. Nanga mnyamata wathanzi ungamuuze bwanji za imfa yake? Ndimo mmene ndinkadzikhululukira. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna nsalu yangayo.

Anasakaniza katondo, makala opera ndi dothi loyera la kudambo, nagwira ntchito masiku asanu osandilola kuyang'ana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinalowa. Mwana uja anali pakhoma: timano take tiwiri, kakhutu kakumanzere kopindika, ndi kayang'anidwe kake akafuna bere. Azimayi omwe aja ankaseka amuna anga analowa mmodzimmodzi, natuluka akupukuta m'maso. M'mawa uliwonse ndinkamupatsa moni ndisanapite kuchitsime.

Dzinja lotsatira chifuwa chinawatenga amuna anga. Titangometa, atsibweni anafika ndi amuna anayi, nkhwangwa m'manja.

Ndinagwada. "Atsibweni, gwetsani zonse, koma mundisiyire khoma limodzi lokha. Mwana wanga ali pamenepo."

"Mwana wako ali kumanda," anayankha. "Ndipo nyumba ya mlendo ndiye yoopsa, mzimu wake sudziwa njira ya kwawo."

Ali moyo simunamufune pamudzi pano, ndiye mukuganiza kuti atafa angabwererenso kwa inu? Mawuwo ndinawanenadi, pamaso pa onse. Akulu a mpingo omwe anaima poteropo ankangoyang'ana zala za kumapazi.

Ndinathamangira m'nyumba ndi mpeni kuti ndigobe nkhopeyo, koma dothi louma limangoyoyoka. Ndinatha kuchotsa kachibenthu ka khutu lokha, azimayi n'kundikokera panja. Khomalo linagwa chafufumimba, fumbi kobo. Kachibenthu kaja ndinakamanga pansonga ya chitenje, koma mwezi usanathe kanasanduka fumbi.

Atsibweni sindinawapatsenso madzi akumwa mpaka kufa kwawo. Anthu amati ndinaumitsa mtima. Anene.

Lero ndakalamba. Ndikatseka maso ndimaona timano tija ndi khutu lija, koma pakati pake palibe kanthu. Ndayesa, ndalephera. Nkhope ya mwana wanga sindikuidziwanso.

Bulauzi ija ndinasoketsadi, koma sindinaivalepo. Ili m'bokosi mwangamo mpaka lero, yoyera mbee, yopanda ndi pong'ambika pomwe.