Pampu ya ku Manyamula

Bambo anga sankakhulupirira chinthu chilichonse chopanda bawuti. Ankagwira ntchito yokonza makina kumalo ochekera matabwa ku Viphya, ndipo kunyumba kwathu pa Mzimba Boma ankabwera kumapeto a mwezi, akununkha girizi ndi utomoni wa paini. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma ana tonse tinakulira pa Boma pomwepo, amayi akugulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Azichimwene anga awiri sipanala ankaiona ngati njoka. Ine ndiye ndinkakonda kukhala pafupi ndi bambo akamakonza zinthu, mpaka amayi oyandikana nawo nyumba ankati mtsikana ameneyu adzakwatiwa ndi injini.

Nditasankhidwa kupita kukoleji ya zaulimi, bambo anauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti mwana wawo akukaphunzira uinjiniya wa zaulimi: mathirakitala, zigayo, mapampu othirira mbewu. Sananame ayi. Chimene sankadziwa, ndipo inenso sindinkachidziwa, n'chakuti usanakhudze thirakitala amayamba akukhazika chaka chathunthu paphunziro la mmene zomera zimagwirira ntchito m'kati mwake. Muzu umamwa bwanji, tsamba limapanga bwanji chakudya, chimanga chimapindiranji masamba dzuwa likafika paliwombo. Aphunzitsi ankati sungapangire mbewu makina usakuidziwa mbewuyo. Miyezi yoyamba ndinkapsa nalo mtima phunzirolo. Kenaka, sindidziwa kuti zinayamba liti, ndinangoona ndikuyenda ndikuthyola masamba a eni m'mipanda n'kumawayang'ana padzuwa.

Patchuthi chachitali ndinabwera kunyumba, ndipo mwezi utatha bambo nawonso anafika. Asanavule n'komwe nsapato anayamba kundifunsa.

"Injini ya dizilo mwaiphwasula kale?"

"Ayi, bambo. Imeneyo ndi ya chaka chamawa."

"Nanga chaka chonsechi mumatani?"

Ndikanatha kuzungulira, koma pakamwa panga sipadziwa kuzungulira. Ndinati, "Timaphunzira masamba."

Bambo anatembenukira kwa amayi. "Mwamva? Masamba. Inu amene mumawagulitsa tsiku ndi tsiku, munapita kukoleji iti?"

"Musandilowetsemo ine," anatero amayi, n'kutuluka panja.

M'mawa mwake bambo anandiuza zimene anaganiza. Kapitawo wa kuwekishopu kwawo anali atawauzapo kale kuti akufuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kugwira sipanala. Tchuthi chikatha ndikayamba kumeneko, kukoleji sindibwereranso. Sanakalipe. Bambo anga akakalipa unkadziwa kuti mawa aiwala, koma akalankhula motsitsa mawu ndiye kuti nkhani yatha. Ndinayesa kuwafotokozera kuti makinawo akubwera, iwo anati boma likhoza kutaya nthawi yake koma osati ya mwana wawo. Ndinakwiya kwambiri moti ndinatsuka mbale zonse za m'nyumba, zoyera zomwe, ndikuziombanitsa dala.

Loweruka lake panali ntchito ku Manyamula. Mkulu wina wa golosale kumeneko, wa mpingo wathu, anali atatumiza uthenga kuti pampu ya pachitsime chake yasiya kutulutsa madzi. Bambo anati ndiwaperekeze, ndiyambe kuzolowera ntchito yeniyeni. Tinanyamuka m'mamawa panjinga ziwiri, ine nditabwereka ya achimwene. Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, choncho ndinapalasa ndi siketi yaitali, chitenje pamwamba. Potuluka pa Boma achinyamata anatiimitsa kuti tionetse makhadi a chipani, tinaonetsa. Tisanafike patali siketi inalowa mu tcheni, ndipo bambo anaitulutsa osanena kanthu, zomwe zinandikwiyitsa kuposa akanandiseka. Msewu unali fumbi lokhalokha, minda ya chimanga ndi fodya ili mbee, anthu akusosa.

Mkulu wa golosale uja anali wamfupi, wadazi, woseka ndi thupi lonse. Anatilandira ndi tiyi wa mkaka ndi masikono, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka monga amachitira anthu a kumeneko.

"Yewo chomene mwabwera, adada. Pampu iyi yanisuzga. Tikupopa, tikupopa, mbwenu ikungolira ngati mbuzi, madzi palije."

Chitsime chinali kuseri kwa golosale, pamwamba atakhoma matabwa, pamatabwapo atamangirira pampu yamanja ija yopukusa uku ndi uku. Mkuluyo anafotokoza kuti chaka chimenecho madzi anatsika, iye anaitana anthu kudzakumba mozamitsa, anawonjezera paipi, koma pampu inakana.

Bambo anavula jekete. Kunena zoona, pantchito anali okoma kuwaonerera. Anamasula pampu yonse, ine ndikuwapatsira zitsulo asanazitchule n'komwe. Anaona vavu ya kunsi kwa paipi, inali bwino. Anamanga malumikiziro onse kuti mpweya usalowe, anathira madzi m'pampu, anapukusa. Inalira ngati mbuzi ndithu. Ndiye anatenga chingwe, anamangirira mwala, n'kutsitsira m'chitsime mpaka unakhudza madzi. Atachikoka anachiyeza ndi mikono yawo, n'kuyamba kuseka.

"Akulu, pampu yanu ilibe mlandu. Madzi apita patali."

"Ndiye tigule yikulu?"

"Ngakhale mutagula yaikulu ngati nyumba. Pampu yokhala pamwamba siikoka madzi kupitirira mafiti makumi atatu, ndipo kuno kumtunda siifikanso n'komwe pamenepo. Limeneli si lamulo la kampani, ndi mmene dziko linapangidwira. Muitsitsire m'chitsime momwemo pathandala, kapena mugule ija yokankha madzi kuchokera pansi." Ndiye anatembenukira kwa ine, mokweza pang'ono kuti mkuluyo amve. "Wamva? Izi ndiye zoti munthu aziphunzira. Palibe chinthu padziko lapansi chimene chingakoke madzi kupitirira pamenepo."

Ine ndinali nditakhala pamuzu wa bulugamu, ndikupukuta girizi m'manja. Mtengowo unali pafupi ndi chitsime, wautali moti ukafuna kuona nsonga yake duku limagwa. Mvula inali itasiya kalekale, udzu wonse utauma, koma kunsonga kwake masamba anali obiriwira bwinobwino. Sindinakonzekere kutsutsana nawo pamaso pa mlendo. Mawu anangotuluka.

"Nanga uwu?"

"Uti?"

"Mtengowu, bambo. Ndi wautali bwanji?"

Munthu amene wakhala pakati pa mitengo moyo wake wonse sachita kuyeza. Anangouponyera diso. "Ungapitirire mafiti makumi asanu ndi atatu."

"Madzi amafika bwanji kunsongako?"

Mkulu wa golosale anati "Eya," n'kukhala pansi pachidebe ngati munthu amene wapeza malo abwino pabwalo la mpira.

Bambo sanachedwe. Anati mizu imakankha kuchokera pansi, ngati pampu yachiwiri ija anatchula. Ndinawauza kuti mizu imakankhadi, koma pang'ono chabe, ndipo nthambi yodula yopanda muzu ndi umodzi womwe imamwabe madzi. Anati zimenezo ndi za m'mabuku. Ndinapempha mkulu uja botolo lopanda kanthu ndi inki yofiira, ija aphunzitsi amachongera. Anathamangira yekha m'golosale. Ndinasakaniza inkiyo ndi madzi, ndinadula kanthambi ka masamba ambiri, ndinakadulanso kunsi kali m'madzi monga anatiphunzitsira, n'kukaimika m'botolo padzuwa.

"Tsono tidikire," ndinatero.

Podikirapo bambo anayamba kuyeza matabwa a thandala lotsitsira pampu, koma maso awo ankangobwerera kubotolo. Mkulu wa golosale anandifunsa kuti kodi nthambiyo ikumwa ndi chiyani popeza ilibe pakamwa. Ndinamuuza kuti tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mtengo umapuma ndi timabowo timeneto. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukupuma njani, amama? Wamulakwira vichi?"

Ndinali nditaiwala kuti m'Chitumbuka kupuma ndi kumenya. Anaitana mkazi wake kuti adzamve za mtengo womenya anthu ndi masamba, nayenso anaseka, ngakhale bambo anamwetulira akuyang'ana kumbali.

Titadya chamasana tinabwerera kubotolo. Madzi anali atatsika, ndipo mitsempha ya masamba a m'munsi inali itayamba kufiira. Bambo anatulutsa nthambiyo, anatenga mpeni wawo n'kuing'amba pakati kuyambira kunsi. M'kati munali mizere yofiira, yowongoka, yokwera mpaka kumene nthambi imagawikana. Anaitsata ndi chikhadabo chakuda ndi girizi. Anang'ambanso kanthambi kena kakang'ono, namonso munali mofiira.

"Pisitoni ili pati?" anafunsa.

"Palibe."

"Chikuyendetsa n'chiyani?"

"Dzuwa. Madzi akamauluka pamasamba, amakoka anzawo a m'munsi. Timapaipi take n'tating'ono kuposa tsitsi, ndipo m'menemo madzi amagwirana osaduka, ngati ulusi, kuchokera kutsamba mpaka kumuzu."

"Ndiye kuti ukukoka. Sukukankha."

"Ukukoka, bambo."

Anayang'ana nsonga ya bulugamu, anayang'ana pampu yawo ili gone pamatabwa. Ndinaganiza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wamanyazi. Inali ija ankakhala nayo akamva phokoso lachilendo mu injini.

"Chabwino," anatero. "Paipi yanga ikalowa mpweya pang'ono pokha, madzi onse amagwera pansi, mpaka ndithiremo ena. Mtengowu mphepo imaugwedeza tsiku lonse, nthambi zimathyoka, tizilombo timauboola. Mpweya ukalowa, amauthira madzi ndani?"

Ndinafufuza m'mutu monse, m'maphunziro onse a chaka chija, osapeza. Ndinati, "Sindikudziwa."

"Sukudziwa?"

"Sitinafikepo."

"Aa," anatero bambo, ndipo ndikulumbira kuti anakondwa. Anauza mkulu wa golosale kuti, "Mwaona? Sanafikepo." Mkuluyo anati iye wasokonezeka, sakudziwa kuti wapambana ndani, koma chimene akufuna ndi madzi. Tinagwira ntchito yotsitsa pampu masana onse, bambo ali m'chitsime pamakwerero, ine ndikuwatsitsira zitsulo pachingwe. Dzuwa litapendeka pampu inatsokomola kawiri n'kulavula madzi amatope, kenaka oyera. Mkazi wa mkulu uja anaimba nthungululu, ndipo anatimangirira nkhuku yamoyo pakaliyala.

Pobwerera bambo anali patsogolo. Ine kumbuyo ndinkangowerengera kuti tchuthi chikatha ndidzakhala ndili kuwekishopu, ndipo mwendo uliwonse popalasa unkalemera. Titayandikira Boma, pamene msewu umadutsa m'mitengo italiitali, anatsika panjinga. Ndinayesa kuti tayala laphwa. Anaima pakati pa msewu, chipewa chili m'manja, mutu uli chagada, nkhuku ikulira pakaliyala.

"Chipika chachiwisi chikamabwera pasowo," anatero, "kunja kwake kumakhala konyowa, pakati pouma. Ndakhala ndikuziona zimenezi kuyambira usanabadwe. Sindinafunsepo." Anapukusa mutu. "Ndiye kuti zaka zonsezi ife takhala tikucheka mapampu."

Ndinkaopa kuti ndikalankhula ndiwononga.

Tinafika kunyumba dzuwa likulowa. Amayi anali pakhonde akusankha tomato wa mawa lake, woola pena, wabwino pena. Analandira nkhuku ija, anaiyeza m'manja, n'kufunsa ngati pampu yatheka. Bambo anati yatheka. Anakhala pampando wawo, anavula nsapato imodzi, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, mawu aja osabwezeka.

"Sukulu akutsegulira liti?"

Ndinawauza.

"Upite. Ukangofika, usanatsitse n'komwe sutikesi, ukawafunse aphunzitsi akowo za mpweya zija. Akakuyankha zosamveka, uwafunsenso. Usabwere kuno pa Khirisimasi ndi 'sitinafikepo'."

"Nanga akapitawo aja mukawauza chiyani?" anafunsa amayi, osadzutsa mutu patomato.

"Ndikawauza kuti mwanayu ndamutuma."

Ndinalowa m'nyumba msangamsanga ngati ndikukatenga madzi akumwa, chifukwa sindinafune kuti andione ndikulira. Inali misozi ya chimwemwe. Kunja ndinamva amayi akufunsa kuti kodi mpweya wake uti, ndipo bambo anakoka mpando, anatola tsinde la tomato m'dengu, n'kuyamba kuwafotokozera za masamba.