Chaka Chimene Ndinasanduka Towera

Fungo la batire loswedwa likandipeza, ngakhale lero, ndimabwerera pakhonde la Agogo NyaMsiska ku Bolero. Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pa kampando kawo kachikopa, mwala uli m'manja, kuswa mabatire akutha a wailesi, kenaka n'kusinja makala a m'kati mwake pamodzi ndi masamba a mbatata mpaka zisanduke phala lakuda bii lopaka pa bolodi. Bolodilo linali chitseko chakale chimene anachitsamiritsa kukhoma. Utsi wa mapesi amene ankawotcha kuseri kwa nyumba unkatilowa m'maso, ngolo za ng'ombe zikugubuduka pamsewu zitasenza fodya, iwo ali kalikiliki kupaka chitsekocho ndi kansanza ngati akusambitsa mwana.

Sanali agogo anga enieni. Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Bambo anga, a Kachingwe, anali mlangizi wa zaumoyo, ndipo boma linawatumiza ku Rumphi ine ndili mu Sitandade 4. Nyumba imene tinapeza inayang'anizana ndi ya mayi wokalambayu, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, wokhala yekhayekha chimwalirireni amuna ake.

Masana aliwonse ana a Sitandade 8 ankasonkhana pakhondepo, ndipo nditafika kalasi imeneyo nane ndinapeza malo anga pansanamira yakumanzere. Anthu ankati timapita ku patitaimu, koma agogo mawu amenewa ankadana nawo. "Patitaimu ndi ya anyamata ofuna ya sopo," ankatero ndi Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. "Ine ndikumaliza ntchito imene aphunzitsi anu aisiya panjira." Sankalandira kanthu kwa aliyense kupatula mabatire akutha.

Kunena zoona, nthawi zambiri tinkachoka pakhondepo mitu itaima. Silabasi inali itasintha kangapo chipumireni iwo ntchito, moti ankabwereka makope athu n'kumawerenga magalasi ali pamphuno, akupukusa mutu. "Silabasi ya masiku ano ili ngati zitenje za pamsika, chaka chilichonse maluwa ena," ankadandaula. Masamu ogawa ankatiphunzitsa m'njira yawo yakale, mawa lake kusukulu aphunzitsi n'kutifunsa kuti njira imeneyi mwaitola kuti. Tikakawauza agogo, ankangofunsa kuti, "Yankho lasiyana?" Tikati ayi, ankati, "Ndiye mlandu uli pati?" Tinazolowera kukhala ndi masamu awiri, a m'mawa ndi a masana. Phunziro la Chichewa lokha ankalisiya m'manja mwanga. "Iwe wa ku Ntcheu, imirira, uwaphunzitse miyambi anzakowa." Ndipo ndinkaimirira, choko m'manja, ndikudzimva ngati hedimasitala.

Chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa ku Bolero n'chakuti Agogo NyaMsiska ndi bodza sankamwera chikho chimodzi. Mwana wina atanena kuti kope lake ladyedwa ndi mbuzi, anamutuma kuti akabwere nayo mbuziyo idzavomere yokha. "Utesi yayi pakhonde pano," ankatero, kutanthauza kuti bodza ayi.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, ine ndinakhoza koma sindinasankhidwe kupita ku sekondale iliyonse. Ndinalira mpaka maso kutupa. Bambo anandipatsa mwayi umodzi wokha: ndibwereze, ndipo ndikalepheranso kusankhidwa ndipita ku Ntcheu kukathandiza azakhali kusoka zovala. Azakhaliwo ndinkawakonda, koma makina osokera ndinkadana nawo ndi mtima wanga wonse.

Tsono panali mwambo wina umene aliyense ankaudziwa koma palibe ankaunena mokweza. Anthu ankakhulupirira kuti osankha ana akaona dzina lobwereza amaliika kumapeto kwa mndandanda. Choncho mwana wobwereza ankasamukira kusukulu ina n'kukalembetsa dzina latsopano, kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Panali anyamata ena ndevu zili pachibwano amene anali atasintha maina katatu, moti ngakhale amayi awo ankachita kufunsa kuti chaka chino ukutchedwa ndani.

Bambo anawoloka msewu kukapempha agogo kuti akandilankhulire kwa ahedi a sukulu ya kutsidya kwa dambo, amene kale anali mwana wa sukulu wa agogowo. Ine ndinali pomwepo, ndikusesa fumbi la choko.

"Amama, tikufuna mwanayu akalembe ngati Chisomo Phiri," anatero bambo, chipewa chili pabondo. "Chisomo akhale yemweyo, tingochotsapo Kachingwe."

Agogo anavula magalasi. "Adada, mwabwera kwa mkulu wa mpingo kudzapempha utesi?"

"Si bodza kwenikweni, amama. Aliyense akuchita zomwezo."

"Aliyense akadzalowa m'dambo nanunso mudzalowa? Yayi. Yewo chomene, pitani bwino."

Bambo anabwerera kunyumba manyazi ali m'maso, ine ndikuona kale makina a azakhali akundidikira.

Patapita masiku atatu, ndikutsuka mbale m'mawa, ndinaona agogo akuwoloka msewu atavala nsapato zawo zakutchalitchi, pomwe linali Lachinayi wamba. Anakana mpando. Anatulutsa kapepala kopindidwa kanayi n'kupatsa bambo.

"Ngati mwanayu asinthe dzina, asinthe lonse. Akalembe ili."

Bambo anawerenga mokweza: "Towera Gondwe." Anayang'ana amayi, amayi n'kuyang'ana ine. Gondwe tinkadziwa kuti linali dzina la malemu amuna a agogo. Koma Towera?

"Nanga amama, tsiku lija munati..."

"Ndikudziwa chimene ndinanena, adada. Sindinakalambe mutu. Mwana avale, tikupita."

Mpaka lero ndimakumbukira mmene mutu wanga unazungulirira panjira ija. Munthu amene anatuma mwana kukatenga mbuzi kuti ichitire umboni, lero ndi amene akunditsogolera kukanena bodza, ndodo ili gogogo patsogolo, ine pambuyo. Ndinafuna kufunsa, koma msana wawo sunkaoneka ngati wofuna mafunso.

Ahedi anatilandira ndi manja awiri. Agogo anati, "Uyu ndi mwana wa m'nyumba mwanga," n'kuwapatsa kapepala kaja. Ahediwo atawerenga anayang'ana agogo, cholembera chili m'mwamba.

"Amama, mwatsimikiza?"

"Lemba, iwe. Kulemba ndinakuphunzitsa ndine."

Ndipo analemba.

Chaka chimenecho ndinali munthu wosokonezeka kuposa wina aliyense m'boma la Rumphi. M'mawa ndinkadzuka ndili Chisomo, kuwoloka dambo n'kusanduka Towera, masana n'kubwerera kudzakhalanso Chisomo. Sabata yoyamba aphunzitsi anaitana dzina katatu ine ndili phee, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti kodi mtsikana wogonthayu ali kuti, mpaka chikwapu chinandikumbutsa kuti ndine ndemwe. Anzanga atsopano ankandiseka kuti Gondwe wanji wolankhula Chitumbuka ngati wanyamula mbatata yotentha m'kamwa. Pamakope anga onse panali chilembo C chofufutidwa kutsogolo kwa dzina. Tsiku lina bambo anatenga kope langa la sayansi, n'kuyang'ana pachikuto, n'kulibweza osalitsekula. Amayi anangoti, "Walira mvula walira matope, bambo ake Chisomo." Bambo sanaseke.

Pakhonde agogo anawonjezera phunziro latsopano. Anzanga akamachita masamu, ine ndinkayamba ndalemba dzinalo pa bolodi kakhumi, kuti dzanja lizolowere. Ankaimirira kumbuyo kwanga n'kumakonza. "T wako wawerama. Muimike." Koma chodabwitsa n'chakuti pakamwa pawo dzinalo silinkatuluka. Chisomo anasiya kunditchula, Towera osamutchulanso. Chaka chathunthu ndinali "iwe". Ndipo anandiumira mtima kuposa kale. Ndikalakwitsa samu imodzi ankandipatsa zina zisanu. Ndikangoyetsemula ankasiya choko n'kudzandigwira pachipumi, kenaka n'kuwoloka msewu kukakalipira amayi kuti neti yanga ili ndi zibowo. Ndinkadzifunsa kuti kodi mayiyu amandikonda kapena ndinamulakwira chiyani, yankho osalipeza.

Tsiku loyamba la mayeso mantha anga sanali pa masamu. Ndinkaopa kuti dzanja lindipereka, lilemba dzina la bambo anga. Choncho ndinalemba Towera Gondwe pachikhatho ndi bolopeni n'kufumbata. Woyang'anira mayeso, bambo wina wamtali wochokera kusukulu ina, anaona kuti ndikusuzumira m'manja.

"Iwe, imirira! Tambasula dzanja. Likasa limenelo!"

Ndinatambasula. Anawerenga pachikhatho, n'kuwerenga papepala langa, n'kubwereranso pachikhatho.

"Mwana wamtundu wanji woiwala dzina lake?"

"Ndimachita mantha, sala."

Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene wazionapo zambiri, n'kunena chapansipansi kuti, "Fufuta ndi malovu, ukhale pansi." Ndinafufuta, ndipo ndinalemba mayeso onse ndi chikhatho chabuluu.

Mndandanda wa osankhidwa utamatidwa pakhoma la ofesi ya ahedi, tinapita ndi bambo. Chala chawo chinatsika pepala lonse kufunafuna pa K, mwachizolowezi, mpaka ine ndinachigwira n'kuchikweza pa G. Towera Gondwe, sekondale ya atsikana yogonera konko. Bambo anandikumbatira pamaso pa anthu, chinthu chimene anali asanachitepo, kenaka anayang'ananso pepala lopanda dzina lawolo n'kuuyamba ulendo wa kunyumba.

Ndinathamangira kwa agogo ndikuyembekeza nthungululu. Anamvetsera, n'kugwedeza mutu, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atamanga duku loyera.

"Tsuka kumapazi. Tiye."

Tinadutsa kuseri kwa tchalitchi n'kulowa m'kanjira ka m'mitengo. Nditazindikira kuti tikulowera kumanda ndinaima, poti kwathu mwana sapita kumanda popanda maliro. Agogo anati anapempha kale chilolezo kwa eni ake, ndipo anandigwira dzanja. Anandifikitsa pa kachiliza kakang'ono kasimenti, kong'ambika pakona. Anasesa masamba ouma ndi chikhatho. Zilembo zake zinali zolembedwa ndi msomali simenti isanaume, zoimirira bwino ngati za pa bolodi. Ndinawerenga dzina limene ndinali nditalemba kakhumi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu.

"Anali mwana wanga mmodzi yekha," anatero agogo. "Ahedi ako aja ankakhala naye desiki imodzi. Analemba mayeso omwewa. Malungo anamutenga zotsatira zisanatuluke. Kalata yoti wasankhidwa inabwera iye atagona muno milungu itatu. Sutukesi ndinali nditagula kale."

Sindinadziwe choti ndichite ndi manja anga, kapena maso anga. Ndinafuna kuthawa, ndinafuna kulira, ndinafunanso kukwiya kuti bwanji sanandiuze. Agogo anaika dzanja paphewa langa, koma maso awo anali pachiliza. Kenaka, kwa nthawi yoyamba, ndinamva dzinalo likutuluka pakamwa pawo.

"Towera, mwana wane, ulendo uno upita."

Sindinadziwe ngati akuuza ine kapena wogona pansiyo, ndipo ndinadikira poganiza kuti mwina sindine woyenera kuyankha. Koma dzanja lija linandifinya paphewa, ndipo ndinamva mawu anga akuti, "Enya, amama. Ndipita."

Ndinapitadi, ndi sutukesi yachitsulo imene inakhala pansi pa bedi la agogo zaka zambiri kuposa zanga. Lero ndimaphunzitsa masamu ku sekondale. Satifiketi iliyonse imene ndili nayo, chiphaso changa, ngakhale kalata yanga yaukwati, zonse zimati Towera Gondwe. Bambo anga anamwalira akunditchula Chisomo, ndipo dzina lawo silili papepala langa lililonse. Zimenezi zimandipweteka, sindibisa. Nthawi zina ndimawakwiyira agogo, nthawi zina ndimawathokoza mpaka misozi, ndipo kawirikawiri zimabwera zonse pamodzi.

Agogo atamwalira ndinakwera minibasi kupita ku Bolero. Manda awo anakumbidwa pafupi ndi kachiliza kaja, ndipo abale awo anandikhazika pamphasa ya ana a m'nyumba. Mayi wina wochokera ku Katowo, amene sankandidziwa, anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa monong'ona kuti, "Nanga inu ndinu mwana wa ndani pano?"

Ndinatsekula pakamwa. Ndinayang'ana dothi latsopano, ndinayang'ana simenti yakale ija, n'kutsekanso pakamwa. Mayiyo anaganiza kuti chisoni chanditsekereza mawu, ndipo anandisisita kumsana. Funso lakelo ndidakali nalo, sindinaliyankhe.