Dimba la Dzanja Limodzi

Inu amene mukuona ngati zanu zonse zatha, imvani za bambo uyu.

Anayendetsa basi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina m'mawa, akumanga nsapato kuti azipita kuntchito, anagwa. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanzere lili lende, mwendo akuchita kuukoka. Ntchito inathera pomwepo. Mkazi wake anali atamwalira kale, choncho mchemwali wake wamng'ono anamutenga kuti azikhala naye.

Anamupatsa kachipinda kosungiramo makatoni. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde la kuseri, maso ali pa kabwalo kamatope komwe ankatayirako madzi otsukira mbale.

Mvula yoyamba itagwa, anapempha khasu. Mwamuna wa mchemwali wakeyo anaseka.

"Alamu, khasu limafuna manja awiri. Komanso malowo ndikufuna kuthirapo simenti, tiziimikapo galimoto."

"Ndipatseni dzinja limodzi lokha," anatero dalaivalayo.

"Chabwino. Koma mvula ikangotha, ndibwera ndi mmisiri."

Dalaivalayo anadula mpini kuti ufupike, n'kumalima atakhala pa chidebe. Bedi limodzi linamutengera masiku asanu. Anafesa tomato, mpiru ndi nyemba.

Sabata yachitatu kunagwa chimvula cha masiku awiri. Madzi onse a padenga anathira m'dimbamo ndipo mbewu zinakokoloka, osatsala ndi imodzi yomwe.

"Achimwene, zisiyeni," anatero mchemwali wake. "Tsiku lina tidzakupezani mutagwa m'matopemu."

Mvula yotsatira itayamba, bamboyo anatenga ambulera, nakhala panja mpaka inakata. Atalowa m'nyumba zovala zili chuu, anati, "Achemwali, pamsewu ndinkayamba ndaona kolowera madzi ndisanawolotse basi. Kunoku ndinaiwala."

Anakumba ngalande kuchokera pansi pa denga mpaka kumpanda. Mabedi anawakweza kufika m'bondo, anasakaniza dothi ndi manyowa, pamwamba anaphimba ndi udzu wouma. Mbande anazifesa m'mabeseni obooka, pakhonde pomwe mvula simafika, ndipo anaziokera zitakhwima.

Mavuto sanathe. Nkhono zinkadya mpiru, iye n'kumazitola m'mawa uliwonse. Udzu ukazulidwa Lolemba, pofika Lachisanu wameranso. Kenako tomato anagwidwa chiwawu, masamba n'kuda ngati awauka ndi moto. Theka anazula n'kukataya kutali. Wotsalayo anamuthothola masamba a m'munsi kuti mphepo izidutsa, ndipo ankamumangirira ku timitengo, chingwe mbali ina kudzanja, mbali ina kumano.

Tsiku lina akumanga choncho, anaona zala za dzanja lamanzere zitapana chingwe. Sizinagwire mwamphamvu, ndipo dzanjalo silinachire kwenikweni mpaka lero. Koma kuyambira tsikulo mano anapuma.

Chaka chimenecho mvula inawononga tomato m'madimba ambiri. Wake anapsa. Amayi oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda, kenako kugogoda pageti ndi mabeseni. Mchemwali wake anasiya kupita kumsika kukagula masamba.

Mvula itatha, mlamu uja anabweradi ndi mmisiri. Mmisiriyo anayenda m'mphepete mwa ngalande, tepi yoyezera ili m'thumba.

"Anakuchitirani ndani zimenezi?"

"Alamu angawa."

"Okha? Bwana, simenti yanuyo ndithira, koma ayambe andiphunzitsa. Kwanga chaka chino ndakolola matope."

Mlamuyo anakanda m'mutu, nayang'ana mabediwo nthawi yaitali.

"Galimoto ikhoza kumagona kutsogolo," anatero. "Alamu, chaka chamawa mufuna mabedi angati a nyemba?"

Lero bamboyu amagulitsa mbande ndi masamba pageti la nyumbayo. Namwino amene ankamuphunzitsa kuyenda anamva za dimbalo, ndipo Loweruka lililonse amatumizako odwala ena a sitiroko. Amafika atawerama, ena osafuna n'kulankhula komwe. Iye sawalalikira. Amangowapatsa beseni, dothi ndi njere zochepa, n'kuwauza kuti adzabwerenso nazo zikamera.

Mwina inunso mwatsala ndi zochepa: thupi lofooka, kamalo kakang'ono, nthawi yochita kupempha. Yambani ndi zomwezo. Zikakokoloka, musathamangire kunena kuti ndinu wolephera. Khalani pansi, onani pamene palakwika, konzani, fesaninso. Musataye mtima, nthaka sifunsa kuti munagwa kangati.