Koma wa Amalume

Amalume anga anabwera kuchokera ku Malawi ndi njinga yopanda mabuleki komanso Chingerezi chodzaza mutu. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo ku Mandimba kudziwa Chingerezi unali mlandu. Apwitikizi ankati wochidziwa ndiye kuti amadumpha malire kukakumana ndi ankhondo a m'tchire. Wotero ankamukweza galimoto ya ku Cuamba, ndipo sindikumbuka amene anabwerako.

Amalumewo, kuuma mutu. Tikamapalira kudimba ankandiphunzitsa monong'ona, osalemba paliponse, moti ngakhale zizindikiro za m'kalembedwe ndinkachita kuzitchula pakamwa. "Chiganizo chikayamba ndi mawu a 'ngati', usathamange, mphwanga. Ika koma, upume, kenako umalize." Kachizindikiro kopindika kaja pa Chingerezi amati koma, chimodzimodzi koma wathuyu. Ndinkaseka, osadziwa kuti kakundilowerera.

Kusukulu ya Chipwitikizi kachizindikiroko tinkakatchula kuti virigula. Tsiku lina kunabwera mkulu wa asilikali kudzaona mmene tinkaphunzirira chilankhulo chawo. Anakhala kumbuyo, mfuti ili m'chiuno. Tonse tinkadziwa kuti Chingerezi amachimva, poti ndiye ankalankhula ndi apolisi a tsidya la malire. Aphunzitsi analoza kachizindikiroko pabolodi n'kundiimiritsa ine.

"Koma," ndinatero.

Msilikali uja anadzutsa mutu. M'maso mwanga ndinaona amalume ali m'galimoto muja, manja atawamangira kumbuyo. Mantha ngati amenewo sindinawamvenso.

"Koma... koma aphunzitsi, m'mimba mukundipweteka," ndinapitiriza m'Chinyanja, nditagwira pamchombo.

Kulankhula Chinyanja m'kalasi kunali koletsedwa. Aphunzitsi anatenga mbalamatodya, kathabwa ka zibowo kaja, n'kundiphwanya nako m'manja mpaka zala zinakana kupinda. Msilikali anaseka n'kuyatsa ndudu. Ine ndinkalira, mumtima ndikuti menyani, bola zithere pompano.

Amalume sindinawauze. Ndinkawadziwa pakamwa pawo: akanakaifotokoza pakhonde la mzikiti ngati nthabwala, kuti anthu amve kuchenjera kwa mphwawo, ndipo masiku amenewo mawu ankayenda okha. M'mawa mwake atayamba phunziro kudimba, ndinasamukira mzere wakutali. Anandiitana, ine n'kumangopalira osacheuka. Tsiku lotsatira chimodzimodzi.

"Achemwali, mwana wanuyu ndi mbuli yokana nzeru," anatero kwa amayi, ine ndili pomwepo.

Ndinawasiya azinena. Anamwalira ndi chifuwa nkhondo isanathe, pamphasa pawo, m'nyumba mwawo, akunditchulabe mbuli.