Botolo la Royston ndi Chimanga cha Glenys

Glenys Tranter anakalambira m'fakitale yoluka makapeti ku Kidderminster, ndipo atapuma pantchito ankati tsopano makutu ake apumula. Anadzinamiza. Sitiroko inagwetsa mwamuna wake Royston m'bafa n'kumupha mbali yonse ya kumanja, nyumba yawo n'kusanduka fakitale ina ya wantchito mmodzi: kumutembenuza, kumusambitsa, kumudulira nyama m'mbale, kukhuthula botolo lake la mkodzo. Royston anali dalaivala wa malole, munthu wolongolola chibadwire. Matenda anamulanda mwendo ndi dzanja, koma pakamwa anamusiyira pathunthu, ndipo pakamwapo dzina linatsalapo limodzi, la mkazi wake. Kutuluka panja ankakana kwamtuwagalu, ati anthu asamuone ali pachikuku.

Glenys ankamukonda mwamunayo, zimenezo munthu asakayike. Komabe malo amene ankapumirako mpweya anali amodzi okha, kadimba kobwereka ku khonsolo kuseri kwa njanji. M'mawa kukabwera mayi wothandiza odwala, iye ankakwera basi. Ankalima ndithu, koma akatha ankakhala pa ndowa yovundikira pakhomo la kashedi kake, kumwa tiyi wa m'fulasiki ndi buledi wa chizi, popanda womuitana. Kunena chilungamo, nyemba, makaloti ndi chimanga chotsekemera zinali chabe zomuyenereza kukhala pamenepo, chifukwa dimba losaoneka zokolola komiti yoyang'anira madimbawo imalanda.

Kenaka kunabwera ziuli. Zinakumba mauna m'munsi mwa mpanda wa zitsamba cha kunjanji, n'kuyamba kudya ngati zinalima nawo. Mu Ogasiti chimanga chikangoyamba kukhwima, Glenys ankachipeza chili lambalamba, zitsononkho zotafunidwa zili mbwee. Makaloti zinkafukula. Pakati pa anyezi zinakumba timaenje ta chimbudzi, mwadongosolo lake, ngati zopita kusukulu.

Tsono kuno chiuli ndi mwana wa boma. Kuchitchera msampha ndi mlandu, kuchithirira poizoni ndi mlandu, kutseka una wake ndi mlandu, ndipo munthu ukhoza kulowa nazo m'ndende pa ukalamba wako. Glenys anazunguliza waya, ziuli zinadutsa pansi. Anapempha kuika waya wa magetsi, komiti inakana poti kumabwera zidzukulu za anthu. Anawaza tsabola. Anasiya wailesi ikulankhula yokha m'chimangamo, ziuli zinadya zikumvera nkhani. Chaka chachiwiri anafooka, theka la dimba n'kumera udzu.

Clive Bufton, mwini dimba loyandikana nalo yemwenso anali mlembi wa komiti, anafika akukanda m'mutu.

"A Glenys, musandide ine, ndangotumidwa. Akuti dimba lanu likuoneka ngati mwagona nkhumba. Chaka chino mukapanda kukolola, basi."

"Ndikolole chiyani, a Clive? Manyi a ziuli? Ndikazikhudza andimanga, ndikazisiya mundilanda. Ndiziwerengera Baibulo kapena?"

Clive anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Mankhwala alipo, koma ndi a ife amuna. Mkodzo. Muthiramo madzi pang'ono m'kheni, n'kuwaza kuzungulira chimanga. Bambo anga ankatero. Wa amayi sugwira, musadzivute."

"Ndiye ndigawireniko wanu."

"Aaa, wanga? Masiku ano umachita kudontha ngati mpope wa ngongole. Sukukwana ndi dimba langa lomwe."

Glenys anaseka, koma pobwerera m'basi sanaseke. Kunyumba mankhwalawo analipo ambiri, ankawataya yekha tsiku ndi tsiku. M'mawa mwake anakhuthulira botolo la Royston m'chigubu cha mkaka, n'kuchikulunga m'majumbo awiri. Anakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni, chikwama chili pakati pa miyendo, akupemphera kuti dalaivala asaponde buleki mwadzidzidzi. Chinamuwawa si manyazi okha ayi. Fungo limene ankalithawa kunyumba tsopano ankachita kulinyamula yekha, n'kukaliwaza pamalo pomwe ankamwera tiyi. Zonsezi sanamuuze Royston.

Kaya ndi mkodzowo, kaya ziuli zinangopeza zokoma kwina, palibe angalumbire. Chimene anthu anaona n'chakuti chimanga cha Glenys chinaima, ngayaye zili pepepe, pamene cha anzake chinkagwa. Glenys anagona tulo.

Koma pakamwa pa Clive si posungira kanthu. Lamulungu lina anafika kunyumba ndi jumbo ya zipatso za mapulamu, n'kulunjika pa mpando wa wodwala.

"Roy, mwamuna mnzanga, ndiwe chilombo! Ziuli zonse za kunjanji zikuthawa dzina lako!"

"Ukuti chiyani iwe?"

Clive anafotokoza zonse, Glenys ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi m'manja. Ankayembekeza mkuntho. Koma mbali yamoyo ya nkhope ya Royston inangoyamba kunjenjemera.

"Glen, n'zoona? Ndiye kuti ine ndikadali ndi ntchito?"

"N'zoona, Roy."

Bambo uja analira ngati mwana, ndipo Glenys analira naye, chifukwa chigwereni m'bafa muja anali asanamuonepo akunyadira kanthu. Atapukuta misozi, Royston anayeretsa kukhosi.

"Komatu iwe ukuwononga mankhwala. Ogona m'chigubu amafooka. Amafunika a pompopompo. Mawa undipititse."

Walira mvula walira matope. Aliyense anakondwera. Mwana wawo wa ku Leeds anaimba foni akuti ndi chozizwitsa. Namwino anati mpweya wa kunja uposa mapiritsi. Mayi wothandiza uja anamusinthira ku nyumba zina, poti m'mawa pakhomopo panalibenso wodwala. Amuna a komiti, anthu abwino mtima mpaka kukwiyitsa, anathera Loweruka lathunthu akuyala masilabu kuchokera pageti mpaka pa kashedi ka Glenys kuti chikuku chiziyenda bwino. Ukanakana bwanji? Ukanati chiyani, pamaso pa ndani?

Tsopano m'mawa uliwonse Glenys amakankha chikuku kukwera basi, kutsika basi, kudutsa pageti. M'kashedi amamugwirizira mwamuna wake kheni, n'kutuluka kukawaza, mwini mankhwala akulamula.

"Wadumpha pakona apo! Kodi uli ndi maso? Nyembazo wabzala mothinana. Clive! Tabwera udzaone mmene akugwirira khasu mkazi wangayu!"

Ndowa ija amaikapo mwendo wake wakufawo. Tiyi amagawana, ndipo Glenys amamwa wake chiimire.

Tsiku lothyola chimanga, Clive anabwera kudzanena kuti komiti yakhutira, dimba ndi lawo mpaka kalekale. Royston anali atazunguliridwa ndi madoda anzake, akuwaphunzitsa kuchuluka kwa madzi osakaniza. Glenys anamukokera Clive kuseri kwa kashedi, manja ali odzaza chimanga.

"A Clive, madimba aja a pamtunda, kuseri kwa tchalitchi, mumadziwana nawo a komiti yake?"

"Ndimadziwana nawo. Koma kumene kuja n'kokwera masitepe okhaokha, a Glenys. Chikuku sichingafike."

"Ndikudziwa," anatero Glenys. Clive anamuyang'ana, kenaka anayang'ana nsapato zake, makutu ali psuu ndi manyazi.

"Anthu akudikira malo kumeneko ndi ambiri," anatero pang'onopang'ono. "Ena amamwalira asanawapeze. Ndiponso ziuli za kumeneko n'zambiri kuposa kuno. Simungakololeko kanthu."

"Zidye," anatero Glenys. "Mukawauze dzina langa."