Funso la adokotala pa matuza a amayi

Matuza a amayi anayambira m'kamwa. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, ndipo poyamba tinkangoti apsa ndi tiyi. Pakutha mwezi anali atatulukanso kumsana ndi pachifuwa. Ankaphulika okha, khungu n'kusupuka, moti powavula bulauzi ndinkayamba ndainyowetsa ndi madzi ofunda kuti imatuke. Ankangodya phala lozizira, nalonso kumeza kwake misozi ili chuchuchu.

Amayi a kumpingo ankabwera kudzawazonda, koma tiyi amene ndinkawapatsa ankangozizira m'makapu. Ndinkadziwa zimene ankaganiza. Tinayezetsa magazi kawiri, kachilombo sanakapeze.

Kenaka anatitumiza kwa adokotala a khungu ku chipatala chachikulu. Anadula kachidutswa ka khungu n'kutiuza tsiku lobwereranso. Titapitako anafotokoza kuti matendawa si opatsirana, koma chitetezo cha m'thupi mwa amayi chasokonekera, chikulimbana ndi khungu lawo lomwe. Anati amagwira munthu wa mtundu uliwonse, ngakhale m'mitundu ina, monga Amwenye, amaoneka kawirikawiri. Ndiye uku akulemba, anafunsa ngati kubanja kwathu kuli magazi a mtundu wina.

Ndinayankha msanga, ndikuseka, kuti ife ndi a ku Dedza kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Amayi anandigwira pamkono n'kufinya. Kulankhula kunkawapweteka, choncho mawu anatuluka limodzilimodzi.

"Lembani, adokotala. Bambo anga ondibereka anali Mmwenye."

Adokotala analemba, osadzutsa mutu. Anatinso yankholo silisintha mankhwala, ndipo sangatsimikize kuti matendawa achokera kumeneko. Ine zonsezo ndinkazimva ngati akulankhulira kuseri kwa khoma. Agogo aamuna ndinkawadziwa, ankandisemera mipini ya timakasu ndili mwana, ndipo pamaliro awo amayi ndi amene analira mpaka kukomoka.

M'minibasi ndinkangowatchinga kuti anthu asawakhudze kumsana, uku ndikuyang'ana tsitsi lawo lofewa lija limene linkatulukira kunsi kwa duku. Moyo wanga wonse ndinkangoti ndi mmene anabadwira.

Kulakwa kwanga kunali kuimbira amalume, mlongo wawo wa amayi, amene amakhala ku Area 23. Ndinkafuna andiuze kuti amayi asokonezeka ndi ululu. Anafika masana omwewo, mpando anaukana. Anaima pakhomo pa chipinda n'kufunsa amayi chifukwa chimene anavulira makolo awo pamaso pa mlendo. Anati malemu bambo awo anawalera amayi ngati mwana wawo, anatseka pakamwa mudzi wonse, ndiye lero nkhaniyo yalembedwa m'buku la chipatala.

Amayi anadzuka movutikira, nsalu itamatirira paphewa.

"Achimwene, ndikanama, mwanayu akadzadwala adzayankha chiyani? Adzanama osadziwa kuti akunama."

Amalume anandiyang'ana ine nthawi yaitali, n'kutuluka osatsazika.

Nkhani yonse amayi anandiuza patapita masabata, m'kamwa mutayamba kupola. Agogo aakazi ali mtsikana ankagwira ntchito m'sitolo ya Mmwenye wina paboma. Mimba itaoneka anawabweza kumudzi ndi nsalu ziwiri, ndipo mwini sitolo uja anadzasamuka mwana asanayambe kuyenda. Amayi anazimva atakula kale, kwa azakhali awo amene anali ataledzera paukwati. Ndinafunsa dzina la munthuyo. Anati lenileni salidziwa, ankangodziwa limene anthu ogula ankamutchula.

Mapiritsi anawatupitsa nkhope, koma matuza anauma n'kusiya zipsera zakuda, ndipo mpaka lero timapitabe kusikelo ya khungu. Amalume anakhala miyezi isanu ndi umodzi osaponda pakhomo pathu. Tsiku limene anabwera anatenga mbatata ya kumudzi, nakhala pakhonde ndi amayi kukamba za mvula ndi za denga la tchalitchi. Ponyamuka anandikokera pambali n'kundipempha kuti ana awo ndisawauze. Sindinavomere, komanso mpaka pano sindinawauze.