Nsapato Zimene Tinagula ku Limbe

Zimene ndikuuzeni pano si nthano ayi, zinachitikadi, ndipo ndi imvi zangazi ndinganamirenji?

Kalelo ndinkasamalira maluwa panyumba ina ku Nyambadwe, ndipo khukhi wa pomwepo anali mnzanga wapamtima, moti mwana wake wamkazi ankanditchula kuti amalume. Tsiku lina masana, abwana ali ku ofesi, adona akupumula, tinazemba awiriwiri kudzera pampanda kupita ku Limbe kuti akandisankhire nsapato pakaunjika. Titabwerako ine ndinalunjika kumaluwa, iye n'kulowa m'nyumba, n'kupeza adona ataphedwa. Anawanyamula akukuwa, magazi n'kumudzaza malaya.

Apolisi atandifunsa, ine poopa kuchotsedwa ntchito ndinati tsiku lonse ndinali pomwepo ndikuthirira, ndipo palibe mlendo analowa. Ndikanadziwa bwanji kuti bodza laling'ono lija likutsekera mnzanga yekha m'nyumbamo? Analemba, ine n'kudinda chala, poti sukulu ndinali ndisanaione. Mawa lake nditafuna kusintha, anandiuza kuti ndikatero ndiye kuti tinapha tonse. Kukhoti mnzangayo anandiloza n'kuchonderera kuti, afunseni achimwene anga ali apowa, tinali limodzi ku Limbe. Ine ndinayang'ana pansi n'kukana, nsapato zomwezo zili kuphazi. Anamulamula kukhala kundende moyo wake wonse.

Akuti kangapo anzake anamunyengerera kuti angovomera, mwina angamuganizire pokhululukira akaidi, koma iye ankati sangapepese zimene sanachite.

Kuwerenga ndinaphunzira ndili wamkulu kale, kusukulu ya kwacha ku Chinyonga, ndipo kalata yoyamba kuiwerenga ndekha inali yake, imene ndinaisunga zaka zambiri osaitsegula poopa kuti wondiwerengera adziwa. Munalibe chitonzo. Anangofunsa ngati nsapato zija zinandikwana, n'kupempha kuti ndikamuuze mwana wake yekha kumene tinali tsiku lija.

Anamwalirira komweko chaka chatha. Mwanayo, amene pano ndi mayi wa ana atatu, amagulitsa tomato ku Chitawira, ndipo ndikadutsa amandiyikira basera n'kumati ine ndekha ndi amene sindinamusale ngati mwana wa chigawenga. Ndimalandira tomatoyo n'kumapita, uthenga wa bambo ake ndisanaupereke.

Amene anapha adona sindikumudziwa, koma amene anapha mnzanga ndimamuona pagalasi. Anzanga, musadinde chala pa bodza, ngakhale lochepa bwanji. Ndipo iwe mwanawe, ngati ukuwerenga izi, bambo ako anali ku Limbe, ankandiyeza nsapato.